Pampu ya a Makina

A Makina ankamanga chikwama pakaliyala wa njinga, lamba n'kuduka. Analumikiza, n'kumanganso. Mwana wawo Fainess anaima pakhomo ndi tsache m'manja, osasesa.

"Ababa, ku Nkhulambe mukafikira kwa yani? Azakhali anamwalira, nyumba ija inagwa kalekale."

"Kwathu ndi kwathu," anayankha osacheuka. "Kuno ku Nazombe ndinadzera amako. Amako tawaika. Mkamwini atsalirenji pamudzi wa eni?"

M'mawa womwewo akuchikazi anali atawasudzula. A Jonasi, mlongo wa malemu akazi awo a Belita, amenenso ndi mwini mbumba, ndiwo analankhula pamaso pa abale: ukwati watha ndi imfa, alamu athu ndi omasuka. Palibe anatchula zothamangitsa munthu. Koma a Makina anakula akuona amuna osudzulidwa akunyamula kakhasu kawo n'kumapita, kusiya mango amene anabzala okha. Sanafune kudikira kuti wina achite kuwakumbutsa.

Atakankha njinga, inalemera ngati yamangidwa mwala. Anawerama. Matayala onse awiri anali ataphwa.

"Fainess! Wagwira njinga yanga ndani? Pampu ili kuti?"

"Ine sindikudziwa, ababa."

Apo a Jonasi anatulukira kuseri kwa khola la mbuzi, akutafuna nzimbe mosafulumira, jekete ili pathupi dzuwa likuswa mtengo.

"Alamu, ulendo?"

"Mwandisudzula nokha, lero mukufunsanso?"

"Mwambo wati tikumasuleni, takumasulani. Sunanene kuti tikupopereninso matayala."

A Makina anayang'ananso matayala aja. Paja khalidwe limeneli ankalidziwa mwini wake. Chikwatirireni, akangosemphana mawu ndi a Belita, kaya ndi za mbuzi, kaya ndi mchere wochuluka m'ndiwo, iwo ankadzuka n'kunena kuti basi ndikupita kwathu. A Belita sankatsutsa. Ankangopita kuseri, pamveke kuti fyiii, kenako n'kubwera ndi madzi osamba ngati palibe chachitika. Pampu inkaoneka mkwiyo ukatha.

"Mlamu, musasewere ndi maliro," anatero a Makina.

A Jonasi analavula zotafuna za nzimbe, n'kukhala pachitsa.

"Kuchipatala kuja mlongo wanga anandigwira dzanja. Ine ndimati anena za munda. Iye akuti, 'Achimwene, mwambo mudzachite wonse, anthu angatinene. Koma bambo ake Fainess ndi amakani. Akadzangogwira njinga, mukudziwa chochita.' Nanga ine ndikane mawu a munthu wopita?"

"Nanga anthu adzati chiyani, mkamwini wosudzulidwa ali phee pamudzi?"

"Adzati njinga yake inaphwa. Likhala bodza?"

Fainess anaseka mwangozi, n'kudzitseka pakamwa ndi chitenje.

"Atsibweni, inunso!"

"Iwe khala chete. Abambo akowa anandiphunzitsa kufolera nyumba ndili mnyamata. Akapita, denga langa likadontha ndidzatukwana yani?"

A Makina anatsamiritsa njinga kukhoma. Anakhala pakhonde, pamalo pomwe a Belita ankakhala posenda chinangwa, ndipo anayamba kuseka. Kusekako kunapitirira mpaka kunasanduka china. Onse anawaleka. A Jonasi anathyola nzimbe pabondo, n'kuika mfundo ziwiri pambali pa mlamu wawo.

Fainess anamasula chikwama pakaliyala n'kuchilowetsa m'nyumba. Atatuluka, atsibweni ake anasolola pampu m'kati mwa jekete n'kumupatsa. Iye sanafunse koika. Anapita pangodya ya khonde, anamasula thumba la nandolo, n'kuikankhira pansi mpaka mkono wonse unamira, monga ankawaonera amayi ake.

Thumbalo linali pafupi, loti a Makina akanatha kulikhudza ndi phazi. Iwo anatembenuza nkhope n'kumayang'ana kuphiri, monga ankachitira zaka zonse zija.