Bampu la pa Geti Lathu

Amuna anga a Charles akati achite chinthu, ngakhale muwaletse ndi Baibulo m'manja, samva. Anagula chigalimoto chakale, dzimbiri lokhalokha, n'kulengeza kuti mwana wathu Deborah adzakwera chimenecho pa tsiku la ukwati wake.

Ntchito yokha anaigwira, ndisawanamizire. Loweruka lililonse anali ku galaja ya ku Pangani. Anaikamo injini yaikulu, anawotcherera zitsulo ku chasisi kuti galimoto ilimbe, mabuleki anaika atsopano mawilo onse. Kenako anadula masipuling'i kuti itsike, mpaka inakhala ngati nkhuku yofungatira mazira.

"Mayi a Deborah, taonani kukongolako!" anatero ataibweretsa kunyumba.

"Yakongoladi. Nanga bampu lija?"

Ife timakhala ku Ruaka, kudziko la eni, ndipo potulukira pa mafulati athu pali bampu lalitali koopsa.

"Ndadutsapo kale, osakhudza n'komwe."

"Munali nokha, inu owonda ngati bango. Tadikirani."

Ndinakwera kumbuyo ndi Deborah. Ine Mulungu sanandimane thupi, ndipo sindichita nazo manyazi. Titafika pabampu, khweee! Pansi panakhula mpaka askari, mlonda wa pageti, anagwira m'mutu.

"Basi, inuyo mudzakwera galimoto ina," anatero a Charles.

Zinandipweteka, ndisaname. Mwana ndinabereka ndekha, ndikamutsatire pambuyo ngati mlendo? Koma ndisanatsegule pakamwa, Deborah anandiyankhira.

"Adadi, amayi akapanda kukhala pambali panga, ine ndidzakwera minibasi ya matatu ndi velo langa lomwe."

A Charles anaima nthawi yaitali akuyang'ana galimoto yawo. Kutsikako ndi kumene ankanyadira, anzawo okonda magalimoto akale ankachita kubwera kudzaijambula. M'mawa mwake anabwerera ku Pangani, anachotsa masipuling'i odulidwa aja n'kuika aatali, olimba. Galimoto inakwera m'mwamba, anzawo anawaseka, iwo osalabadira.

Tsiku la ukwati tinakwera kumbuyo, mwana ali mu diresi loyera, dzanja lake lili m'manja mwanga. Tinafika pabampu paja. Galimoto inadutsa myaa, osakhula ngakhale pang'ono! Ndinaimba nthungululu ya kwathu ku Kasungu, Ruaka yense anamva.

Pa geti la tchalitchi a Charles anaponda buleki, galimoto n'kuima nji. Mkwati, Kevin, anali kale m'katimo akudikira. Anthu ankatikodola kuti tilowe, ena kumbuyo akuliza mahutala, koma bambo phazi lili pabuleki, maso ali pakalilole, akuyang'ana mwana wawo. Ndinaona misozi m'maso mwawo, chisoni n'kundigwira nanenso.

"Adadi, tafikatu," anatero Deborah.

"Ndikudziwa, mama," anayankha. "Ndikungoyesa mabulekiwa pang'ono."