Mfuti ya Januário

Adelina anapeza mfutiyo m'mawa, akutapa kachewere woti aphikire banja lake. Inali pansi pa mulu wa kachewereyo m'kanyumba kosungiramo zokolola, itakulungidwa m'saka lakale. Dzulo lake lomwelo mwana wake Verónica ankasewera chibisalirano ndi anzake m'kanyumba komweko.

Munali mu 1993, m'mudzi wina wa ku Ntengo-Wambalame m'dera la Tsangano. Mwamuna wa Adelina, Januário, kwawo kunali ku Macanga chakufupi ndi Furancungo, ndipo kuno anadzakwatira. Verónica akadali wakumsana, ankhondo a kutchire anamugwira Januário ali kumunda n'kupita naye. Poyamba ankawasenzera katundu, kenako anamupatsa mfuti. Adelina anathawira ku Malawi ndi mwanayo, nakhala zaka zambiri pamsasa wa othawa nkhondo ku Ntcheu. Atamva kuti boma ndi ankhondo a kutchire apangana za mtendere, anabwerera kumudzi n'kumanganso nyumba. Mvula itayamba, Januário anatulukira, atawonda kwambiri, nsapato alibe. Adelina analira ndi chimwemwe mpaka mawu kutha. Za saka limene mwamuna wake anapachika paphewa tsiku limenelo, iye sanafunse.

Tsopano anatseka kanyumba kaja ndi mtengo n'kulondola Januário kumunda wa nyemba.

"Bambo a Vero, chinthu chija mwabisa pansi pa kachewere ndachiona."

Januário anaika khasu pansi pang'onopang'ono. "Pepani, mayi a Vero. Ndimafuna kukuuzani, koma ndikaona mmene mukusekera masiku ano, ndimalephera."

"Mukufuna kuwombera nayo ndani? Nkhondotu inatha."

"Inatha pa radiyo," anatero Januário. "Ine ku baze, kumsasa wa a kutchire, ndinachokako osatsanzika. A kutchire akandipeza, ndine wothawa. A boma akandipeza, ndine mdani. Ngakhale achimwene anu a Augusto ndi tropa, msilikali wa boma. Ndikataya mfuti ija, inu ndi mwana ndikutetezani ndi chiyani?"

Adelina sanakalipe. Ankadziwa kuti mwamuna wake sanali munthu wankhanza, koma wamantha. Ankamuona akudzidzimuka ngakhale mbale ikangogwa. Anamupukuta thukuta pachipumi ndi nsonga ya kapulana, chitenje chake, nati, "Inetu ndinakudikirani zaka zonsezi. Sindikufuna kuti chitsulo chimenechi chinditengere inu kachiwiri, kapena chinditengere mwana."

Madzulo ake Januário anaisamutsa mfutiyo n'kuisomeka m'denga, poti mwana sangafike, koma kuitaya anakana.

Patapita masiku angapo, Adelina anapita ndi Verónica ku posto ya zaumoyo kukabayitsa vasina, katemera wa ana. Namwino wa pamenepo, Dona Isabel, anali mayi wachikulire wokonda kuseka, ndipo awiriwa anadziwana ku msasa wa ku Ntcheu, kumene Dona Isabel ankathandiza odwala. Anthu atatha pamzere, namwinoyo anamukodola Adelina.

"Mwanayu ali bwino, wanenepa. Koma inu mayi ake ndinu mukuoneka odwala. Bambo abwera, m'malo monenepa mukuwonda. Chavuta n'chiyani?"

Adelina anayang'ana uku ndi uku, kenako ananong'oneza zonse.

Dona Isabel sanadabwe. "Si inu nokha, mwana wanga. M'madenga ambiri muno muli zitsulo zotere. Koma mfutiyo musaikwirire, musaiponye mumtsinje, ndipo musapatse munthu aliyense wa m'mudzi. Ili ndi malo ake. Akhazikitsa misasa yosonkhanira asilikali, ya boma payokha, ya a kutchire payokha. Kumeneko munthu amapereka mfuti, n'kumasulidwa ku usilikali poyera, aliyense akudziwa."

"Nanga akakapereka, n'kumupha pompo?"

"Funso limenelo ndi limene mbali zonse ziwiri zinkafunsa," anatero Dona Isabel. "Tandiuzani, inu ndi bambo a Vero mutayambana kwambiri mpaka kusiya kulankhulana, mungayanjane nokha?"

"Ayi, timaitana ankhoswe."

"Eya. Dziko lathunso linaitana ankhoswe. Ife tokha tinalephera, chifukwa aliyense ankaopa kuyamba kutsitsa mfuti. Ndiye anthu a mpingo ndi boma la Italia anapereka malo ku Roma kuti adaniwo akhale pansi. Mayiko oyandikana nafe anawalimbikitsa kuti asachoke pa zokambiranazo. Atagwirizana, anapempha bungwe la mayiko onse, lija timati ONU, kuti litumize anthu ake adzakhale mboni. Magalimoto oyera aja mukuwaona pamsewuwa ndi awo. Si a boma, si a kutchire. Ntchito yawo ndi kuona kuti wina asanamize mnzake."

"Koma iwowo zikuwakhudza bwanji? Nkhondotu ndi yathu."

Dona Isabel anaseka. "Yathu yokha? Inu ndi ine tinakagona kuti? Anthu a ku Ntcheu anatigawira minda yawo, nkhuni zawo ndi zitsime zawo. Chimanga chimene tinkadya pamsasa chinkachokera kumayiko amene sitinawaonepo. Magalimoto a ku Malawi ndi ku Zimbabwe ankawotchedwa pamsewu wa Tete. Nkhondo ikabuka m'dziko limodzi, oyandikana nalo nawonso sagona. Komanso tisabise, mfuti zimenezi sitisula kuno. Zinachokera kunja, kwa mayiko amene ankathandiza mbali iyi kapena iyo. Mayiko atasiya kutipatsa zipolopolo n'kuyamba kutikankhira ku zokambirana, ndi pamene nkhondo inafooka. Vasina amene ndabaya mwana wanuyu wafika chifukwa msewu watseguka."

Asanasiyane, Dona Isabel anati galimoto yoyera imaima pa posto tsiku la msika. "Mubwere nawo bambo a Vero. Mfutiyo aisiye kaye. Adzangomva okha ndi makutu awo."

Kumunyengerera Januário sikunali kophweka. Poyamba anati ndi msampha. Adelina sanamukakamize, koma m'mawa wa tsiku la msika anamuchapira malaya, nawayanika padzuwa, n'kunena kuti, "Ine ndikupita. Mukafuna mukaime patali, muzikangoyang'ana." Atayenda pang'ono anamva mapazi kumbuyo kwake.

Pa posto anapeza galimoto ija itaima pansi pa mtengo wa bulugamu. Munthu wovala yunifomu ndi chipewa chabuluu ankamwa madzi, akucheza ndi Dona Isabel. Januário anaima kuseri kwa mpanda n'kumuyang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga anazolowera kutchire. Kenako anagwira mkono wa mkazi wake.

"Mayi a Vero, msilikali uyu alibe mfuti."

"Ndiye tiyeni tikamufunse chifukwa chake."

Mlendoyo anali Kapitawo Henrique wochokera ku Brasil. Anawapatsa moni m'Chipwitikizi, "Bom dia," n'kuwasunthira benchi. Pamene mawu ankavuta, Dona Isabel ankamasulira.

"Mfuti yanu ili kuti, a Kapitawo?" anafunsa Januário.

"Ndinaisiya kwathu. Ife oyang'anira misasa timayenda chimanjamanja. Ndikanyamula mfuti, wina aganiza kuti ndabwera kudzamenyera mbali ina. Asilikali a mayiko ena olondera misewu ndi amene ali nazo, monga a ku Botswana amene ali pamsewu wa Tete."

"Nanga munthu amene anachoka ku baze osatsanzika, akabwera kumsasa wanu mumamutani?"

Kapitawo Henrique sanafunse kuti munthuyo ndani. "Timamulandira ngati wina aliyense. Amapereka mfuti, timaitsekera m'chipinda chachitsulo. Amadya, amaonedwa ndi dotolo, n'kudikira tsiku lomasulidwa. Ine ndimagona pamsasa pomwepo, pamodzi ndi anzanga ochokera kumayiko ena. Wina akamugwira munthuyo molakwika, timakanena kwa akuluakulu a mbali zonse ziwiri, ndipo mayiko onse amamva. Sindinganame kuti zonse zikuyenda bwino. Chakudya nthawi zina chimachedwa, ndipo kudikira kumatopetsa. Koma wochoka kumeneko amachoka ali munthu wamba, wosafunikanso kubisala."

"Inuyo munasiya banja kwanu?"

"Mkazi ndi ana aakazi awiri. Wamng'ono ndi wofanana ndi uyu," anatero akuloza Verónica. "Ndikufuna ntchitoyi ithe bwino kuti nanenso ndibwerere kwa iwo."

Pobwerera kunyumba, atayandikira mudzi, Januário anati, "Munthu uja akuoneka woona mtima. Koma ife tikapereka, a boma aperekadi zawo?"

Yankho linabwera lokha sabata yotsatira. Masana ena Adelina akupeta nyemba pakhonde, anaona munthu wa yunifomu akulowa pabwalo. Anali mchimwene wake Augusto. Januário, amene ankakonza mpini wa khasu, anaimirira msangamsanga, maso ake n'kuthamangira kudenga. Amuna awiriwa anali asanaonane chiyambire pamene Januário anagwidwa.

Augusto anavula chipewa. "Alamu, mwawondatu. Mlongo wangayu sakukuphikirani?"

"Akundiphikira, alamu," anayankha Januário.

Augusto anakhala pamphasa n'kumuuza kuti nayenso akhale. "Ndabwera kudzatsanzika. Gulu lathu latumizidwa kumsasa wosonkhanira. Tikukapereka mfuti kwa a zipewa zabuluu. Andifunsa ngati ndikufuna kulowa m'gulu latsopano la asilikali, limene akuti muzikhala a mbali zonse ziwiri, koma ine ndakana. Phewa langa latopa. Ndikufuna munda."

"Ndiye a boma mukuperekadi?"

"Tikupereka. Nafenso timaopa inu, alamu, monga inu mumaopera ife. Pakanapanda alendowa kuima pakati, ine sindikanaitula." Kenako anati, "Kumene munamenyera sindikufunsani, inunso musandifunse. Ndikuthokoza Mulungu kuti sitinakumane kutchire."

Januário anabisa nkhope m'manja. Kenako analowa m'nyumba, natuluka ndi saka lija n'kuliika pansi pakati pawo. Augusto anatulutsa mfutiyo, nachotsa zipolopolo zonse, n'kuibweza m'saka.

"Ine sinditenga," anatero. "Mukaipereke nokha kumsasa wa mbali yanu, kuti nanunso mumasulidwe poyera."

Dona Isabel anadziwitsa Kapitawo Henrique, ndipo tsiku la msika lotsatira galimoto yoyera inamutenga Januário kupita naye kumsasa wina wa ku Macanga. Adelina anamuperekeza mpaka pa posto. Saka lija ananyamula yekha pamutu ngati mtolo wa nkhuni, ponena kuti mwamuna wake analisenza mokwanira. Verónica anagwira chala cha bambo ake njira yonse.

"Ababa, mubweranso?"

"Ndibwera, mwana wanga. Ulendo uno ndikutsanzika, ndipo amayi ako akudziwa kumene ndikupita."

Kudikira kunatalika kuposa mmene ankaganizira. Miyezi inadutsa, chimanga chinacha, Adelina anakolola yekha. Nthawi zina mtima unkamutsika, koma Dona Isabel ankamubweretsera uthenga kuchokera kwa a galimoto yoyera kuti Januário ali bwino, ndiponso kuti wapeza mpata wokaona mayi ake okalamba ku Furancungo, amene ankayesa kuti anamwalira kalekale.

Nyengo yozizira ya 1994 ili mkati, lole inaima pamsewu ndipo Januário anatsika atavala zovala wamba. M'manja munali ndowa, khasu, chikwanje ndi mbewu zimene anapatsidwa pomasulidwa. Sanadzere kuseri kwa minda ngati poyamba paja. Anadutsa pakati pa msika, akupereka moni kwa aliyense, mpaka Verónica anamuona n'kuthamanga akukuwa.

Augusto nayenso anabwera patangopita milungu yochepa. Amuna awiriwo anatsegula dimba limodzi kudambo, ndipo ankakangana tsiku lililonse za amene mizere yake yakhota. Adelina akawapititsira chakudya ankangowaseka.

Tsiku lina ali pachitsime, mayi wina wachitsikana dzina lake Clementina anadikira kuti anthu achoke, kenako anamuyandikira Adelina. "Amayi, ndamva kuti inu munathandizidwa. Amuna anga nawonso abisa chinthu m'denga. Ndikuchita mantha."

Adelina anatula ndowa yake n'kumugwira dzanja. "Usaope, ndipo usawakalipire. Ndi mantha chabe amenewo. Mawa m'mawa tipitire limodzi kwa Dona Isabel, akatiuze koyenera kukaipereka. Bambo a Vero adzabwera kudzacheza ndi amuna ako, poti njirayi anaiyenda okha."

Banja la Adelina linaphunzira kuti adani amene akuopana savomera kutula zida paokha. Pamafunika ena oima pakati, amene mbali zonse zingawakhulupirire. Mayiko akamatumiza zida kwa omenyana, nkhondo imakula. Koma akagwirizana kulandira othawa nkhondo, kukhazika adani pansi kuti akambirane, ndi kutumiza mboni zoona kuti pangano likusungidwa, nkhondo imatha. Mtendere umene mayiko amathandizana kumanga umafika mpaka pakhomo pa munthu wamba, ndipo ife a pakhomopo udindo wathu ndi kuulandira, kupereka zida kumalo oyenera, ndi kulandira obwerera kwawo ngati abale athu.