Ndowa ya M'dzenje la Chikepe

"Chingwe chija mwabisa, alamu?" a Tcheyamani a anthu okhala m'nyumbayo ananong'ona, thukuta lili kamukamu.

"Chili kuseri kwa zitseko," anayankha mlamu wawo, makaniko. "Inuyo musakangoyamba zija za mizinda imene munayendako."

Nyumba yawo inali ya nsanjika khumi ndi zisanu, ndipo kale anthu ankajambulitsa patsogolo pake. Tsopano penti inali itasupuka, madzi sankafika pamwamba, chikepe chokwezera anthu chinafa zaka zisanu zapitazo. Anthu anakanula zitseko zake pansanjika iliyonse n'kupachika ndowa kugudumu la kudenga. Wofuna madzi kapena mankhwala ankagogoda paipi katatu, apansi n'kukoka chingwe. Koma tsiku limenelo kunabwera mayi woyendera nyumba wa ku khonsolo. Zitseko zosakhoma zokhazo zinali mlandu. Akanalemba kuti "igwetsedwe", mabanja makumi asanu akanasowa kolowera.

"Ine ndayenda, mayi!" a Tcheyamani anayamba ali pamasitepe. "Ndagona m'nyumba zoti mitambo imalowera pawindo. Koma masitepe olimba ngati awa, palibe!"

"Nanga bwanji mukupuma ngati pampu?" mayiyo anafunsa, maso ali pamng'alu wa khoma.

Atafika pansanjika yachisanu, paipi inalira. Ngo! Ngo! Ngo!

"Mpweya umenewo, mayi. Mapaipi onse amatero," anatero a Tcheyamani.

Makaniko anawakoka malaya a Tcheyamaniwo. "A Telala amenewo," ananong'ona. "Mapiritsi awo a mtima ali m'thumba mwangamu. Ndinatanganidwa ndi kubisa chingwe."

A Telala ankakhala pamwamba penipeni, ndipo chifookereni miyendo sanatsikepo. Panatsala nsanjika khumi, amuna awiriwo atatopa kale. Ndowa ikanafika m'mphindi imodzi.

Paipi inaliranso. Ulendo uno kawiri kokha, mofooka.

A Tcheyamani anayang'ana cholembera cha mayiyo. Kenako analowetsa zala pakati pa zitseko za chikepe n'kuzikanula.

"Ponyani m'ndowa, alamu! Kokani!"

Ndowa inakwera ikulira m'njanji za chikepe. Posakhalitsa paipi inagogoda kamodzi.

"Alandira," anatero makaniko, n'kukhala pansi.

Mayiyo anaunika m'dzenjemo ndi tochi nthawi yaitali.

"Njanjizi amapaka girisi ndani?"

"Ine, mayi, sabata iliyonse. Kupanda apo ndowa imakakamira," anayankha makaniko.

"Nyumba zina ndimapeza zinyalala zitadzaza m'dzenje la chikepe mpaka nsanjika yachitatu, njanji zitadyedwa ndi dzimbiri." Analemba, a Tcheyamani akusuzumira koma osaona kanthu. "Zitseko zonsezi zikhale ndi maloko pofika Lachisanu. Lolemba ndibwera ndi injiniya wa zikepe. Akati chikepechi chidzuka, nyumba ikhala. Akakana, musadzandilirire."

Anayang'ana masitepe otsalawo, napuma mozama, n'kuvula chikwama paphewa.

"Bwezani ndowayo. Ichi chitsogole."

A Tcheyamani anakoka chingwe okha, osatchula mzinda ngakhale umodzi.