Mvula ya M'payipi

Kuntchito ankamutchula Tathamanga, chifukwa aliyense womufuna ankayamba ndi mawu amenewo. Tathamanga ukatenge zithunzi. Tathamanga ukafunse mitengo ya mafiriji. Udindo wake unali wothandizira mkonzi, koma zoona zake inkadziwa ndi miyendo.

Magazini yawo inali yolangiza ogula: ketulo yolimba ndi iti, matiresi osathyola msana ndi ati. Tathamanga ankatulukamo mwezi uliwonse, koma zidutswazidutswa. Pachithunzi pakafunika dzanja logwira ketulo, linali lake. Phazi loponda sikelo, lakenso. Amayi ake ankagula magaziniyo n'kuyamba kumusaka ngati nsabwe m'msoko.

"Chigongono ichi n'chako," ankatero. "Nanga dzina lidzatuluka liti, mwanawe? Anzanga ndiziwaonetsa chigongono?"

Mwayi unabwera mvula ili pafupi kuyamba. A Mkonzi, mayi wosaseka chisawawa, anamuunjikira maambulera patebulo.

"Tsamba ili n'lako. Uwayese, ulembe zimene wapeza. Nkhani ikakoma, dzina lako likhala pamwamba."

Kumwamba kunalibe ngakhale kamtambo. Tathamanga anabwereka payipi yotsukira magalimoto kuseri kwa ofesi, n'kumaima pansi pa ambulera iliyonse, alonda akumugwetsera mvula. Ina inapindika, ina inapirira. Yofiira, yodula kuposa zonse, inadontha m'misoko, madzi n'kumatsika ndi utoto womwe.

Tsoka ilo, eni ambulera yofiirayo ankatsatsa malonda awo patsamba lomaliza la magaziniyo. Amene anawakopa anali a Tayi, mkulu wa zotsatsa malonda, munthu amene mwina ankasamba tayi ili m'khosi. Atawerenga zimene Tathamanga analemba, anamulondola okha.

"Mtsikana iwe, tiyi amene umamwa muno ukudziwa amagula ndani? Fufuta ndime iyi. Apo ayi tsamba lonse lichoka, dzina lakolo uzikalilemba pamchenga."

Tathamanga anaiyang'ananso ndimeyo. Akafufuta, dzina lituluka, amayi avina. Koma m'maganizo anaona mayi wina atagula ambulera ija pokhulupirira dzina lomwelo, akufika kuntchito ngati nkhuku yozingidwa.

"Mwina ine ndi amene sindidziwa kuigwira, bwana," anatero atazolika. "Enafe tinakula tikufunda pepala lapulasitiki. Mukanandionetsako inu."

Nsomba inameza nyambo.

"Chinthu chapamwamba chimafuna dzanja lozolowera," anatero a Tayi. Anavula jekete, n'kutsogola kuseri kuja, malaya ali mbee. Wojambula zithunzi, amene ankamva fungo la zoseketsa khoma lili pakati, anawatsata.

"Yowaza kapena yamkuntho, bwana?" anafunsa alonda.

"Tsegulani yonse, madala."

Poyamba a Tayi anaima njo ngati mkwati pansi pa ambulera yofiira ija. Kenako dontho linatera pamphuno. Lina linalowa m'kolala. Posakhalitsa malaya aja anali ngati epuloni ya m'butchala, eni ake osasuntha, poti mwamuna akanena wanena.

"Nditseke, bwana?"

"Mukufunsanso?"

A Mkonzi anaonera zonse pawindo, kapu ili m'manja. Anatsika, n'kuwazungulira a Tayi ngati akufuna kuwagula.

"Madamu, anthu amenewa atithawa," anatero a Tayi, utoto ukutsika ndi tayi.

"Owerenga akatithawa, anthu anuwo azitsatsira ndani? Pitani kwa eni akewo ndi malaya omwewa. Mukawauze kuti tisindikiza, ndipo yankho lawo tiika pansi pake." Anacheukira Tathamanga. "Iwe, ndime yachiwiri yatalika. Ndipo usadzanyowetsenso akuluakulu nthawi ya ntchito."

Pakona pa milomo yawo panagwedera pang'ono. Alonda mpaka lero amalumbira kuti kumeneko kunali kuseka.

Eni ambulera anayamba ndi kukalipa, kenako anaona malaya. Anayankha kuti asintha utoto ndi kasokedwe, ndipo tsamba lomaliza lija sanalisiye. A Tayi anapempha chimodzi chokha, kuti nkhope isaoneke pachithunzi. Motero nawonso analowa m'magazini chidutswa: chifuwa ndi tayi.

Magazini itatuluka, Tathamanga anapita nayo kunyumba. Amayi anavala magalasi, anasaka tsamba ndi tsamba mpaka kumapeto, n'kuitseka.

"Kodi akuchotsa ntchito? Mwezi uno mulibe ngakhale chala chako."

Anawatsegulira pa maambulera paja, n'kuwalozera pansi pa mutu wa nkhani. Amayi anawerenga dzinalo pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, mpaka la bambo ake lomwe. Anabwerezanso.

"Zilembo zake ngati nyerere," anatero. Koma phazi linali litayamba kale kufufuza nsapato pansi pa mpando. "Tathamanga ukandigulire ina. Iyi ndikupita nayo kwa aneba, ndipo sibwerako yamoyo."