Zitsa za Ella

Nditabwerako ku Blantyre Lachinayi masana, ndinaona phiri lonse ndili pakhonde. Panali patatha zaka zitatu lisakuoneka choncho.

Kuseri kwa nyumba yathu, kumtunda kwa Sadzi, kuli malo amene ootcha makala anasiyapo zitsa zokhazokha. Malemu mkazi wanga, Ella, anakana kuzizula. Pa chitsa chilichonse cha msuku kapena mombo ankasankha mphukira ziwiri zamphamvu n'kuzimanga kansalu kofiira, zinazo n'kudula. Atamwalira ndinapitiriza ine. Mitengo ina inali itandiposa msinkhu.

Tsopano yonse inali pansi, itaunjikidwa pamwamba pa zitsa zake. A Herbert, achimwene ake a Ella, anaima pakati, chikwanje m'manja.

"Alamu, mwafika! Ndakulambulirani," anatero. "Loweruka tikuvundukula chiliza cha mlongo wanga, anthu adzadyera pano. Aziti chiyani? Kuti Ella atangopita, pakhomo pasanduka mogona njoka?"

"Nsalu zofiirazo simunazione?"

"Ndinaziona. Ndimati mwayamba zamankhwala, umasiye wakusokonezani." Anaseka, n'kuloza mbande zomwe anaziika pamthunzi. "Ndakutengerani paini. Umenewu ndiye mtengo, osati zam'tchirezi. Ndingotentha, tibzale bwino."

Anatulutsa machesi. Mtengo wodulidwa umaphukanso, koma chitsa chikapsa ndi mulu wotere chimafa ndi mizu yomwe. Zimenezi ndinkazidziwa chifukwa Ella anandiphunzitsa.

Sindine munthu wokweza mawu. Kumaliro kwake sindinalire n'komwe, mpaka anthu anandinena. Koma ndinangoona dzanja langa litagwira mkono wa a Herbert.

"Ikani pansi."

"Aaa, alamu, ine ndikukuthandizanitu."

"Mlongo wanu anagwada pano zaka zinayi, akudwala. Munabwerapo ngakhale kamodzi kudzafunsa chomwe ankachita? Tengani paini wanuyo muzipita."

A Herbert anafunsa kuti, "Ndiye Loweruka abale asafike pano?"

"Akadyere kwanu."

Anaponya machesi pansi, nanyamula mbande zawo osatsanzika. Ndinadziwa kuti mawa abale onse adzakhala atamva kuti ndathamangitsa mlamu chifukwa cha tchire.

Ndinavula jekete n'kuyamba kukoka nthambi, kuchotsa pa chitsa chimodzichimodzi. Zitsazo zinalipo makumi anayi ndi ziwiri. Tinsalu tofiira ndinatimasula n'kusunga m'thumba, kudikira mvula.