Anagwa pa Khomo la Kalabu

Mvula inali kuwaza pa magalasi masana amenewo, ndipo a Lucius Harbottle anali m'chipinda cha m'mwamba cha kalabu ya mabwana otchova njuga, pa mpando wawo wa pafupi ndi zenera, jekete atavala chotembenuza kuti njuga iwayendere. Makadi anali atawakana kuyambira m'mawa.

A Harbottle anali phungu wa Nyumba ya Malamulo, woimira kamudzi komwe ovota ake onse akanakwana m'ngolo imodzi. Pa zaka zonse za uphungu wawo sanaimirirepo kulankhula m'Nyumbamo. Ankangofika, kutsamira chipilala, n'kugona. Komabe mu London monse munalibe munthu amene mawu ake ankayenda ngati awo. Ankanena zoseketsa ndi nkhope ya pamaliro, maso ngati akusinza, ndipo pofika madzulo nthabwalayo inkakhala ili pakamwa pa aliyense.

Lord Mallinder, mnyamata amene anali atangolandira chuma cha malemu bambo ake, anasuzumira pazenera n'kunena kuti munthu wina wagwa pakhomo. Onse anasiya makadi. Pansipo munthu anali atagona chafufumimba, chikhoti chitanyowa, chipewa chitagubudukira m'ngalande.

"Ameneyo sadzukanso," anatero Mallinder. "Alipo wotsutsa?"

"Waledzera chabe," anayankha a Harbottle, osadzuka n'komwe pampando. "Munthu wanzeru sangafere pakhomo lodula chonchi. Ndabetcha kuti adzuka."

Anthu anaseka, ndipo ena analowerera, awa mbali iyi, awa mbali inayo. Pakalabupo ankabetcherana chilichonse, ngakhale madontho awiri a mvula otsetsereka pagalasi. Panali lamulo limodzi lomwe ankalilemekeza kuposa onse a m'Nyumba ya Malamulo: chinthu chikabetcheredwa, palibe wochithandiza kapena kuchisokoneza mpaka mapeto aoneke okha. Lamuloli analiyambitsa ndi a Harbottle eni ake, tsiku lina munthu atauzira ntchentche kuti ikatere pa shuga wake.

Poti munthuyo anatseka njira, antchito anamunyamula n'kumugoneka pa benchi ya m'khonde la mkati. Mamembala anatsika kukaona, matambula a vinyo ali m'manja. A Harbottle anatsika pomalizira chifukwa cha phazi lawo lotupa. Pamene ankafika, wigi ya munthu uja, tsitsi lochita kuvala, inali itagwa, ndipo nkhope inali poyera.

Anali a Tobias Wrenfield.

Awiriwa anadziwana ali ana kusukulu, komwe ankafunda bulangete limodzi nyengo yozizira. A Wrenfield anasiya njuga kalekale ndipo sanali membala, koma Lachinayi lililonse ankabwera kudzatenga mnzawoyo kuti akadye kunyumba kwawo, komwe ankakhala ndi mlongo wawo, a Dorothea. A Harbottle anali ataiwala kuti tsikulo linali Lachinayi.

Anagwada pambali pa benchi. Mpweya unalipo, koma wochepa, ndipo mlomo unali utapotokera mbali imodzi. Anauza wantchito kuti athamange akaitane dokotala adzatulutse magazi pamkono, monga ankachizira masiku amenewo, nthawi isanathe. Wantchitoyo sanasunthe. Anangoyang'ana mabwana ena aja.

"Ayi, akuluakulu," anatero Mallinder akumwetulira. "Mwabetcha kuti adzuka, ndiye mukufuna dokotala akudzutsireni? Lamulo ndi lanu lomwe."

A Harbottle ananena kuti agonja, ndipo Mallinder atenge ndalamazo. Koma ena anakana. Anati nawonso abetcha, ndipo kugonja kwa munthu mmodzi sikuthetsa za onse. Wina anawonjezera kuti wantchito amene atuluke pakhomopo asadzabwererenso.

A Harbottle anawayang'ana mmodzimmodzi. Onse anali anthu amene anadya nawo ndi kuseka nawo kwa zaka zambiri.

"Amuna inu, chonde," anatero. "Uyu ndi Toby. Ndi mnzanga."

Anayankhula ndi nkhope yawo ya masiku onse, maso ngati akusinza, pakuti analibe ina. Khonde lonse linafa ndi phwete. Mkulu wina anapukuta misozi n'kunena kuti pa nthabwala zonse za Harbottle, imeneyi ndiye yaposa.

Pamenepo a Harbottle anamva zala zikugwira mkono wa jekete lawo. A Wrenfield anali atatsegula maso, ndipo mawu ankatuluka movutikira.

"Wavalanso chotembenuza, chitsiru iwe."

"Khala chete, nkhalamba. Ukuwononga mpweya."

"Usachoke, Lucius."

A Harbottle anayang'ana dzanjalo, kenako anayang'ana kukhomo. Akakhala, dokotala sabwera. Akapita, mnzawo atsala yekha pakati pa anthu odikira kuti afe. Anamasula zalazo chimodzichimodzi.

"Ndikubwera pompano. Undidikire. Dorothea waphika kale, ndipo ukumudziwa chakudya chikazizira."

Anatuluka mumvula opanda chipewa, akutsimphina. Ngolo zonse zaganyu zinali ndi anthu. Odutsa m'njira anawazindikira, ndipo poona jekete lotembenuza lija anaima n'kumaseka, akuganiza kuti phunguyo wabetcheranso zina zachilendo. Dokotala woyamba sanamupeze pakhomo. Wachiwiri anavomera, koma anayamba wafunafuna chikwama chake cha mipeni.

Atabwerera, m'khonde munali zii. Nkhope ya a Wrenfield inali itaphimbidwa ndi nsalu ya patebulo, ndipo kuchokera m'mwamba munkamveka makadi akumenyedwa. Wantchito uja ananena motsitsa mawu kuti malemuwo anafunsa kangapo kuti Lucius ali kuti. Anati mkulu uja wopukuta misozi anawayankha malemuwo kuti Lucius wapita kukabera njuga.

Maliro atatha, a Harbottle anapita kukaona a Dorothea. Anawapeza m'chipinda chochezera atavala zakuda, mpando wa malemu mlongo wawo uli pamalo pake pafupi ndi moto. A Dorothea anawathirira tiyi monga mwa masiku onse, koma sanawafunse za phazi. Ananena kuti alendo obwera kudzapepesa akhala ambiri, ndipo ena, poganiza kuti iwo sakumva, amanong'onezana nthabwala yatsopano ya a Harbottle n'kumabisa kuseka m'mipango. Ngakhale mayi wowagulitsa nsalu yakudayo ankaidziwa.

"Akuti munagwada pansi n'kunena kuti, 'Uyu ndi Toby, ndi mnzanga,' ndipo anthu anaseka mpaka kugwira nthiti," anatero a Dorothea. "Akutinso munabetcha pa iye."

A Harbottle anafotokoza zonse monga zinachitikira: zenera, chikhoti chonyowa, lamulo lija, ndi madokotala awiri. Sanabise kuti mnzawo anawapempha kuti asachoke.

"Sinali nthabwala, chemwali. Tsiku limenelo sindinaseke ndi munthu."

A Dorothea anawayang'anitsitsa nthawi yaitali, ngati munthu wofunadi kupeza chinachake pankhopepo.

"Ndikufuna kukukhulupirirani, achimwene," anatero. "Koma ndidziwa bwanji? Nkhope yanu ndi yomweyo. Munali nayo pamene munkatiseketsa patebulo ili, ndipo muli nayo lero."

A Harbottle anaika kapu pansi, tiyi asanamwe, n'kutsanzika. A Dorothea sanatchule za Lachinayi likudzalo.

Panja, woyendetsa ngolo yawo anafunsa ngati apite kukalabu. A Harbottle anati apite ku Nyumba ya Malamulo, poti kumeneko palibe amene ankayembekezera kuti iwo anene kanthu. Anakhala pamalo pawo n'kutsamira chipilala chija. Phungu wina wachinyamata anawagunda ndi chigongono, akumwetulira kale, n'kuwapempha kuti abwereze mawu aja a Toby, poti iye tsikulo kunalibe.

A Harbottle anatseka maso. Mnyamatayo anaseka, n'kuuza mnzake kuti mkuluyo wagonanso. Koma sanagone. Anakhala chomwecho mpaka zokambirana zonse zinatha, dzanja lili pa mkono wa jekete, pamalo pomwe zala zija zinagwira.