Mwana wa Nelesi Sakala

A Sanford Sakala anagwira ntchito ku khonsolo ya Chongwe zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ntchito yakeyo inali yonyamula mafayilo kuchoka pa tebulo lina kupita pa lina. Atapuma anatsala ndi jekete yabulauni, zolembera zitatu m'thumba lapamtima, ndi chikhulupiriro chakuti boma amalidziwa mpaka kuchipinda kwake.

Kuseri kwa nyumba yawo anamangako chipinda cha lendi. Mmenemo munalowa Evarisite, telala wothawa kwawo ku Burundi, ndi mkazi wake Odeta, amene anali ndi pathupi pa miyezi isanu ndi iwiri. Mapepala awo anali olongosoka: makhadi a anthu othawa kwawo, ndi chilolezo chokhala kunja kwa kampu, chimene ankakachikonzetsa ku Lusaka chaka ndi chaka.

Matenda anamuyamba Odeta Lachiwiri masana, mwamuna wake atapita ku Lusaka kukagula nsalu. A Cecilia, akazi awo a Sakala, anaitana takisi. A Sakala anavala jekete, ngakhale panalibe amene anawaitana.

"Nipaseni khadi ya sikelo," anatero m'galimoto. Anaiwerenga ataitalikitsa ndi maso. "Odeta Kankindi. Iyayi. Dzina iyi izatichedwetsa. Akaona chabe kuti ni mlendo, mafunso ayamba, mwana abadwira pa benchi. Nisiyileni ine."

Khadi ija inalowa m'thumba lamkati la jekete.

Ku kiliniki, namwino wamkulu, Sisita Chipasha, anatsegula buku n'kufunsa dzina la wodwala. Kwawo kwa wodwalayo anali asanafunse, ndipo mwina sakanafunsa n'komwe.

"Nelesi Sakala," anayankha a Sakala. "Mwana wa mng'ono wanga. Wafika dzulo kuchoka ku Petauke. Chitupa cha regi waiwala kumudzi, khadi ya sikelo naiwala. Ana a masiku ano."

Pa nthawiyo Odeta anali atagwira chitseko ndi manja onse awiri, akuitana Mulungu m'chilankhulo cha kwawo. Sisita Chipasha anatchera khutu.

"Ni Chinsenga cha mkati maningi," anafotokoza a Sakala.

Mwana anabadwa dzuwa lisanalowe, wamkazi, wa mawu ake. Pepala la kubadwa ndi khadi ya mwana a Cecilia anazikulunga m'pulasitiki n'kuziika pansi pa matilesi. Evarisite atafika sanaziyang'ane. Anali ndi china choyang'ana. Mchombo utagwa anamutcha mwanayo Keza, ndipo a Sakala anauza aliyense pamsika kuti pakanapanda iwo, nkhani ikanakhala ina.

Patatha mwezi, makolowo anakwera minibasi kupita ku Lusaka, ku ofesi ya othawa kwawo, kuti Keza akalembedwe pa fayilo yawo chilolezo chisanathe. Kalaliki anayang'ana pepala, anayang'ana khadi ya Odeta ya othawa kwawo, n'kubwereranso pa pepala.

"Amayi, Nelesi Sakala ni ndani?"

Odeta sanamudziwe.

"Chifukwa apa mwana ni wa Nelesi Sakala. Imwe ndimwe Odeta Kankindi. Mwana wa munthu wina sitingamuike pa fayilo yanu. Kunena zoona, nifunika kumufunsani kumene mwamutenga." Anaona Keza akuyamwa mwakhama, ndipo funsolo analisiya. "Chilolezo tikonza pa Chisanu sabata ya mawa. Amene ali pa fayilo tsiku ija, ndiye banja. Bwelani na pepala yoona."

Madzulo ake onse anakhala pansi pa mtengo wa mango kwa a Sakala. Evarisite anafotokoza mwaulemu wa munthu amene akukhala m'nyumba ya eni. A Sakala anamvetsera atatsinzina, monga ankaonera mabwana akuchitira pa misonkhano.

"Manje vuto ili pati?" anafunsa pomaliza. "Imwe simuona? Namupatsa dziko mwana uyu. Anzanu alira zaka na zaka kufuna chamene ine nachita na bolopeni imodzi. Musiyeni akhale Sakala. Akakula atenga regi, avota, angakhale na khansala. Mdzukulu wanga."

Evarisite anapotokola tepi yoyezera m'manja. Munthu amene wakhala zaka zisanu ndi zinayi pa mizere ya maofesi sataya mawu otere msanga.

Anayankha ndi Odeta, m'Chinyanja chake chophunzirira pa mpopi.

"Atate, ngati atibweza ku kampu, pa geti azawerenga anthu awiri. Uyu azakhala wa ndani? Ngati atitumiza dziko ina, azakwera na ndani? Nyumba ninasiya. Munda ninasiya. Amayi anga ninasiya, sininaone na manda. Uyu sinimusiya kwa Nelesi. Nelesi sanamve kuwawa."

"Nelesi kulibe," anatero a Sakala.

"Ndiye chamene akamba, aSanifodi," analowererapo a Cecilia, amene ankasenda nyemba chapafupi. "Mwabereka munthu wamkulu pa kiliniki, na mwana wake pamodzi, tsiku imodzi. Ine ana anayi ananitengera zaka khumi. Mailo muvale jekete yanu mukamufafanize."

Kutacha linali tsiku la sikelo ya ana, choncho khonde la kiliniki linali lodzaza ndi azimayi. A Sakala anapempha kuonana ndi Sisita Chipasha paokha, monga anthu awiri a boma. Sisita anati ali ndi ana makumi anayi oti akwere sikelo, alankhule pomwepo.

"Panachitika kakusokonezeka pang'ono mu buku," anayamba chapansipansi.

"Kwezani mawu, ba Sakala. Ndani anasokoneza?"

"Tingakambe kuti ma sisitimu..."

"Buku nimalemba ndine. Ninalemba chamene munaniuza. Ndine ninasokoneza?"

Azimayi a pa benchi anasiya kutonthoza ana. Ngakhale anawo anaoneka ngati akufuna kumva.

"Ndine," anatero a Sakala. "Ninanama. Dzina yake ni Odeta. Ni wa ku Burundi. Ninayopa kuti muzamubweza."

"Kumubweza kuti? Mwana ali panjira? Muno munabadwira a ku Congo, a ku Rwanda, na wa ku Somalia mwezi watha. Mimba ilibe pasipoti." Sisita anatembenukira kwa Odeta. "Na Chinsenga chija, mayi, nenze kudabwa. Apongozi anga ni a ku Petauke, samapemphera choncho."

Kenaka anafotokoza zofunika. Buku la boma silifufutidwa ndi mawu apakamwa. A Sakala apite ku khoti akalumbire pa pepala kuti anapereka dzina labodza, asayine, adinditse. Chachiwiri, pafunika umboni wakuti Odeta Kankindi analidi ndi pathupi: khadi yake ya sikelo, ya kumene ankapita asanasamukire ku Chongwe.

Odeta anagwa nkhope. Khadiyo anaifunafuna usiku ndi usana chibadwire Keza, m'chikwama, m'sutikesi, pansi pa makina osokera. Za m'takisi sankakumbukira kanthu koma ululu.

"Inasowa," anatero.

"Popanda ija, nkhani ipita ku ma ofesi a pamwamba," anati Sisita. "Miyezi. Pa Chisanu muiwaleko."

A Sakala, pofuna kupukuta thukuta, anapisa dzanja m'thumba lamkati kufuna kampango. Chimene anatulutsa sichinali kampango. Anachiyang'ana kanthawi, chopindika pakati, chikununkha mankhwala a njenjete. Kenaka anawongola msana, anakhosomola, n'kuchiika pa tebulo ndi manja awiri.

"Odeta Kankindi," anawerenga Sisita. "Miyezi yonse ilipo."

Ku khoti a Sakala anasayina ndi cholembera chawochawo, atayesa zonse zitatu kuti aone chakuda bwino. Pepala latsopano linatuluka Lachitatu. Lachisanu kalaliki wa ku Lusaka anajambula Keza chithunzi, ali mtulo, kukamwa kuli yasa, ndipo pa fayilo panakhala anthu atatu.

Izi sizinamupatse Keza dziko. Si wa Zambia, ndipo ku Burundi sakumudziwa. Pepala likungonena kuti anabadwira ku Chongwe, Lachiwiri, ndipo mayi wake ndi Odeta Kankindi. Odeta analikulunga m'mapulasitiki awiri.

Pamsika, a Sakala amafotokoza nkhaniyi kwa aliyense amene wachedwa kuthawa. Amati munthu wodziwa ntchito sataya pepala, ndipo khadi ija anaisunga dala, podziwa kuti tsiku lake lidzafika. A Cecilia akakhala pafupi amangofunsa ngati kwamveka uthenga uliwonse wochokera kwa Nelesi.